Kuwongola Madenti Aang'ono Pakhomo Popanda Kuitana Dzimbiri



A mfumu, eni magalimoto ndi madalaivala a pano pa doko la Kachulu, ndabwera kudzakamba za kanthu kamene ambiri timangokadutsa ndi maso: timadenti ta pa bodi ya galimoto. Tayang'anani magalimoto aima apowo, ma Sienta, ma Probox, mapikapu ndi lole yonyamula mpunga ija. Palibe imene ilibe penapake polowa m'kati. Ina inakhulidwa ndi ngolo, ina inagundidwa ndi chogwirira cha njinga ya kabaza, ina ng'ombe inaitsamira pa chitseko, ina anyamata anaiponyera thumba la makilogalamu 50 padenga. Eni ake amati, "Bola injini ikulira." N'zoona, denti siimitsa galimoto lero. Koma ife tili ku Chilwa, ndipo kuno nkhani ya denti ndi yosiyana ndi ya kumtunda.

Nyanja yathuyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina imathira muno chaka ndi chaka, madziwo n'kumachoka ndi dzuwa lokha, mchere n'kumatsala. David Livingstone atafika kuno mu 1859 anapeza madzi ake ali owawirako, ndipo inu amene munaiona itaphwa mu 1995 ndi mu 2018 mukudziwa mmene nthaka yake ilili. Madzi amenewa ndi amene timatsukira magalimoto. Matope a makande amamatirira kunsi kwa bodi n'kusunga chinyezi masiku ambiri. Madzi a mlamba ndi makumba aawisi amadontha m'buti. Pamene penti yang'ambika pang'ono pokha, dzimbiri limalowa msanga kuposa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Choncho mawu amene ndiwabwereze kangapo lero ndi awa: tetezani penti. Pakati pa lata la galimoto yanu ndi mchere wa Chilwa pali penti yokha basi.

Palinso nkhani ya m'thumba. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chitseko ngakhale chakale, fenda, penti ndi zina zonse zochokera kunja zinakwera mtengo koopsa. Kuchoka pano kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo galimoto ikagona ku galaja masiku atatu, amenewo ndi masiku atatu opanda ndalama pakhomo. Madenti ambiri aang'ono safuna ulendo umenewo.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, tidziwe khalidwe la lata. Yachiwiri, tiphunzire kuona tisanagwire. Yachitatu, imene nditayirepo nthawi yambiri, ndi ntchito yeniyeni yowongola. Yachinayi, zinthu zimene zimaononga magalimoto m'dzina lokonza. Yachisanu, chochita penti ikasweka, komanso madenti oyenera kuwasiyira amisiri.

Mfundo yoyamba: khalidwe la lata.

Ambiri timaganiza kuti bodi ya galimoto ndi chitsulo chochindikala. Ayi. Lata la chitseko cha magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan amene tikuyendetsawa silikwana ngakhale milimita imodzi. Limalimba chifukwa cha mmene analipindira ku fakitale: anaika mizere, timapewa ndi makona amene amaligwira kuti lisagwedere. Lata limeneli likakankhidwa pang'ono limabwerera lokha. Likakankhidwa kwambiri, mbali ina imapindika kotheratu, ndipo mbali yopindikayo ndi imene imagwira malo ena onse kuti asabwerere.

Nonse munaonapo mmisiri wokhoma zidebe akuwongola ndowa yophwanyika. Satenga chimwala n'kumenya pakati penipeni pa malo olowawo. Amaika ndowayo pa chitsulo chake, n'kumagogoda mozungulira, pang'onopang'ono, akutembenuza, mpaka ndowa yabwerera mwakale. Amadziwa kuti akamenya kamodzi mwamphamvu lata litanuka, ndipo lata lotanuka silibwereranso. Galimoto ndi chimodzimodzi, kungoti ya galimoto ili ndi penti pamwamba imene sitikufuna kuti isweke.

Mukagwira denti yokulirapo ndi chikhatho mudzamva zinthu ziwiri. Pakati pali dzenje. M'mphepete muli kamtumbira kotukuka, nthawi zambiri cha kumwamba kwa dzenjelo. Kamtumbirako ndi lata limene linathawa pakati paja posowa kolowera, ndipo ndi kamene kamanga dentiyo. Amisiri owongola magalimoto ali ndi lamulo lakale: chimene chinapindika pomaliza chiwongoledwe poyamba, ndipo pamene panagundidwa penipeni pawongoledwe pomaliza. Ndibwereze. Chomaliza kupindika chikhale choyamba kuwongoka. Mukamasula kamtumbira kam'mphepete, theka la dzenje limakwera lokha musanaligwire n'komwe.

Mfundo yachiwiri: onani musanagwire.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi kutsuka malowo ndi sopo ndi madzi abwino, a mvula ngati munatunga, kapena a pa mjigo umene suwawa mchere, chifukwa mukudziwa kuti mijigo ina ya kuno imawawa. Pukutani paume. Kenako imikani galimoto pamthunzi, osati padzuwa la masana pomwe maso amathobwa. Tengani katoni kapena thabwa loyera, jambulanipo mizere yakuda yowongoka ndi makala kapena cholembera chachikulu, muliimike pambali kuti mizereyo izioneka mu penti ngati pa kalilole. Pamene lata lili bwino mizere imaoneka yowongoka. Pamene pali dzenje imakhota n'kutalikirana. Pamene patukuka imapanikizana. Katoni kameneka ndi chida chachikulu kuposa hamala, chifukwa maso okha amanama, koma mizere sinama.

Mukatero dzifunseni mafunso anayi. Kodi penti yasweka kapena ikadali yonse? Yendetsani chikhadabo, chikakodwa, yasweka. Kodi dentiyo ndi yosalala ngati mbale, kapena ili ndi mzere wakuthwa ngati pepala lopindidwa? Yosalala ndi yanu. Yakuthwa ndi yovuta. Kodi ili pakati pa lata, kapena pa kona, pa mzere wa bodi, kapena m'mphepete mwa chitseko momwe malata awiri anapindirana? Ya pakati ndi yanu. Ya m'mphepete imafuna dzanja lozolowera. Ndipo kodi kuseri kwake mungafikeko?

Pali funso lina lachisanu limene limayankhidwa ndi maginito. Chotsani maginito m'sipikala ya wailesi yakufa, muwakulunge m'kansalu kuti asakande penti, muwayendetse pa bodi. Pamene akugwira mwamphamvu pali chitsulo. Pamene akugwira mofooka kapena kugwa, pali fila imene wina anapaka kale, kapena malowo si achitsulo. Magalimoto ambiri amene timagula amakhala atadutsa m'manja ambiri kuchokera pa doko la Dar es Salaam, ndipo ena anapakidwa kale penti yachiwiri. Penti yachiwiri ndi fila yakale zimasweka msanga mukakankha kapena kukoka. Ndi bwino kudziwiratu.

Mfundo yachitatu: ntchito yeniyeni.

Ndiyambe ndi chophweka, bampala ya pulasitiki. Magalimoto ang'onoang'ono onsewa mabampala ake ndi apulasitiki, ndipo pulasitiki imafewa ikatentha. Ngati kona ya bampala yalowa m'kati koma sinang'ambike, wiritsani madzi okwanira, ndowa yathunthu ngati n'kotheka. Thirani pang'onopang'ono pa dentiyo ndi mozungulira monse, osati pakati pokha. Wina azithira, inu mutapisa dzanja kuseri mutavala nsalu yochindikala, kapena mutagwira mpini wosalala kunsonga. Samalani kuti madziwo asakutsikireni m'mkono, ndipo ana akhale patali. Pulasitiki ikafewa, kankhani kuyambira m'mphepete kulowera pakati. Idzatuluka, nthawi zina ndi phokoso. Musachotse dzanja msanga: gwirani pomwepo, mnzanu athire madzi ozizira kuti iume ili m'malo mwake. Ngati dzanja silikufika, masulani timabawuti ndi tizomangira ta pulasitiki ta m'mphepete mwa tayala, bampala isunthe pang'ono. Tizomangirati timathyoka msanga, choncho titulutseni ndi sikuludalaivala mofatsa. Dziwani kuti madzi otentha ndi a pulasitiki. Pa chitsulo sathandiza kwenikweni, kupatula kufewetsako penti m'mawa wozizira wa mu June kuti isasweke pokankha.

Tsopano denti yaikulu koma yosazama, monga ya padenga pamene panakhala thumba, kapena ya pa chitseko pamene panatsamira ng'ombe. Imeneyi nthawi zambiri lata silinapindike kotheratu. Ya padenga, tsitsani nsalu ya kudenga m'mbali imodzi mosamala, mupise chikhatho chonse, mukankhe mofatsa ndi chikhatho chotambasula, osati chibakera. Ya pa chitseko mukhoza kuikoka ndi mphira ija yokokera madzi otsekeka m'sinki, imene imagulitsidwa m'mashopu a zipangizo zomangira ku Zomba. Nyowetsani mphirayo ndi lata lomwe, kanikizani kuti igwire, ndiye kokani molunjika kwa inu, pang'onopang'ono, kangapo, mukusuntha malo. Mnzanu azigogoda kamtumbira kam'mphepete kaja ndi chikhatho pamene inu mukukoka. Anthu awiri amatha ntchito imeneyi bwino kuposa mmodzi.

Pali njira inanso imene zipangizo zake zili m'mudzi uliwonse kuno: mpira wachikopa ndi pampu ya njinga. Phwetsani mpirawo, muulowetse kuseri kwa denti pamene pali chitsulo cholimba choutsamiritsa, monga m'kati mwa fenda ya kumbuyo mukadzera m'buti, ndiye popani pang'onopang'ono mukuyang'ana mizere ya pa katoni ija. Mpira umakankha malo aakulu mofanana, susiya zipsera. Koma imani msanga lata likangobwerera. Mukapitiriza, mutukula malo onse, ndipo chotukuka n'chovuta kubweza kuposa cholowa. M'kati mwa chitseko samalani kwambiri ndi njira imeneyi, chifukwa muli galasi ndi zitsulo zokwezera galasi zimene zimapindika msanga.

Tifike pa timadenti tating'ono tozama, tonga ta chogwirira cha njinga kapena mwala. Timeneti timafuna kukankhidwa kuchokera kuseri ndi chitsulo chachitali. Amisiri a m'tauni ali ndi zitsulo zogula zamitundumitundu, koma inu mukhoza kupita kwa wowotcherera ku Govala kapena ku Jali kuti akudulireni chitsulo chozungulira chonenepa ngati chala, chotalika ngati mkono, akupindireni kunsonga pang'ono, n'kupala nsongayo kuti ikhale yobulungira ndi yosalala, popanda pakuthwa paliponse. Kulungani nsongayo ndi malegeni kapena tepi. Mbali inayo aipinde ngati chogwirira.

Musanamasule chitseko, kwezani galasi mpaka kumwamba, kenako chotsani waya wa batire wa ku mbali ya minus, ndipo dikirani mphindi zingapo. M'zitseko ndi m'mizati ya magalimoto ambiri a masiku ano muli mawaya a magalasi, a maloko, ndi a zikwama za mpweya zija zimene zimaphulika pa ngozi. Inu amene muli ndi magalimoto a hybrid monga Aqua ndi ma Sienta ena, mverani bwino: waya aliyense wa mtundu wa lalanje ndi wa magetsi amphamvu okhoza kupha munthu. Musaukhudze, musayandikitse chitsulo chanu.

Chotsani chikuto cha m'kati mwa chitseko: masikuluwu amabisala kuseri kwa chogwirira ndi pansi pa pogonekera mkono. Kuseri kwake mupeza pepala la pulasitiki lomatidwa. Limatuleni mosamala ndipo mudzalibwezeretse, chifukwa ndi limene limaletsa madzi a mvula kulowa m'galimoto. Mabowo amene muwaone m'chitsulo cha m'kati ndiwo njira yanu. Kwa fenda ya kumbuyo, njira ndi m'buti kapena pa bowo la nyali ya kumbuyo mukaichotsa. Kwa fenda ya kutsogolo, chotsani pulasitiki ya pamwamba pa tayala.

Apa ndi pamene pagona luso lonse, ndipo ndikupempha mutchere khutu. Mukalowetsa chitsulo, nsonga yake simukuiona. Muipeza bwanji? Tsamiritsani chitsulocho m'mphepete mwa bowo mutaikapo kachidutswa ka tayala, maso anu ali kunja pa mizere ya katoni, ndiye kankhani mopepuka kwambiri pambali pa denti. Mudzaona kadontho kakuyenda mu penti, mizere ikupanikizana pamalo amodzi. Pamenepo ndi pamene pali nsonga yanu. Musakankhe mwamphamvu musanaone kadontho kameneko. Mukakapeza, kayendetseni mpaka pa denti. Ngati ndi kadenti kakang'ono kopanda mtumbira, funani pansi pake penipeni, mukankhe timakankho ting'onoting'ono toyandikana, mukuzungulira pamenepo. Ngati ndi yokulirapo, yambani mwagogoda mtumbira kunja, ndiye muzikankha kuyambira m'mphepete, mukuzungulira, bwalo likuchepa, mpaka pakati. Kukankha kulikonse kukhale kochepa moti mukukayika ngati kwachita kanthu. Kankhani, masulani, yang'anani. Kankhani, masulani, yang'anani. Kadenti kofanana ndi ndalama yachitsulo kakhoza kufuna kukankha koposa zana, ndipo munthu woyamba kumene akhoza kuthera ola lathunthu kapena awiri pamenepo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mukakankha mopitirira, patuluka kachiphuphu. Kameneko kamabwezedwa ndi kamtengo. Semani kamtengo kolimba konga pensulo yonenepa, nsonga yake yobulungira ndi yosalala bwino, muikulunge ndi tepi. Ikani nsongayo pamwamba penipeni pa kachiphuphu, mugogode kumbuyo kwake ndi kahamala kakang'ono kapena mpini, mopepuka ngati mukugogoda pa chitseko cha apongozi. Kamtengo komweko ndi kogogodera mtumbira wa m'mphepete. Hamala yachitsulo isakhudze penti.

Nanga pamene kuseri sikufikika, monga m'mbali mwa denga kapena pamene malata ali awiri? Pamenepo timakoka ndi guluu wotentha, uja wa timitengo toyera tosungunulira m'kamfuti kamagetsi. Pamafunika magetsi, a ESCOM kapena a sola yokhala ndi inveta. Pukutani malowo ndi sipiriti, pakani guluu pa mutu wa bawuti yaikulu yosalala kapena pa kachidutswa ka mtengo, mumate pakati pa denti popanda kukanikiza kwambiri, mudikire mphindi zochepa kuti guluu agwire. Ndiye kokani molunjika, mwachidule. Kuti mumatule, donthezani sipiriti m'mphepete, guluu amasiya yekha. Musapale ndi mpeni. Padzuwa la mu October lata limatentha moti guluu sauma, choncho chitani m'mawa kapena pamthunzi. Ndipo kumbukirani maginito aja: pa penti yachiwiri kapena pa fila, guluu amazula penti yonse. Musagwiritse supa guluu kapena guluu wosakaniza wa zitsulo. Amenewo sachoka popanda kuononga.

Mfundo yachinayi: zoononga m'dzina lokonza.

Choyamba ndi moto. Ndamvapo anthu akulangizana kuti muyandikitse chikuni kapena mbaula pa denti kenako muthire madzi ozizira. Chonde musatero. Penti imapsa, mankhwala oteteza dzimbiri a kuseri kwa lata amapsa, mawaya amasungunuka, ndipo kumbuyo kuli thanki ya petulo. Amisiri amagwiritsadi moto pobweza lata lotanuka, koma amatenthetsa kadontho kochepa, pa lata lopalidwa, podziwa kuti apakanso penti.

Chachiwiri ndi hamala yaikulu kuseri kwa lata. Mukamenya kamodzi, denti imodzi yasanduka ziphuphu zisanu ndipo penti yathetheka. Choopsa china n'kumenya lata litapanikizidwa pakati pa hamala ndi chitsulo chotsamiritsa. Mukamva kulira kwa "ngwe, ngwe", dziwani kuti mukupyapyalitsa lata ndipo likutanuka. Zotsatira zake ndi chitseko chimene mukachikankha ndi chala chimati "phofo" kulowa, mukasiya "phofo" kutuluka. Chikafika pamenepo ntchito ya pakhomo yatha.

Chachitatu ndi kuboola. Ena amaboola timabowo pa denti, n'kupotokoleramo sikuluwu, n'kumakoka ndi pulayala. Denti imatulukadi, koma bowo lililonse ndi khomo la madzi. Kumtunda mwina zingapirire zaka. Kuno ayi.

Chachinayi ndi fila yochindikala, ndipo ichi chimandipweteka mtima kwambiri chifukwa chimapusitsa anthu osauka pogula galimoto. Wina safuna kuvutika ndi kuwongola, amangodzaza dzenje lonse ndi fila ngati akumata khoma, n'kupaka penti yonyezimira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pa msewu wathu wogwedeza uno fila yotere imang'aluka, madzi amalowa, fila imamwa madziwo n'kuwasunga pa chitsulo, ndipo tsiku lina chigamba chonse chimagwa n'kusiya chibowo. Fila ntchito yake ndi kusalaza timakwinya totsala mutawongola kale, ndipo isapitirire mamilimita 3.

Mfundo yachisanu: penti ikasweka.

Kuwongola mtengo m'poyamba. Tsiku lomwelo limene mwaona chitsulo chikuonekera, ngakhale mulibe nthawi yokonza, tsukani, umitsani, mupake kanthu kotchinga madzi: kadontho ka penti, polishi ya zikhadabo ya amayi, ngakhale girisi. Zimenezi n'zongogwirizira kuti mchere usafike pa chitsulo sabata imeneyo. Tetezani penti, ndipo pamene penti yachoka, tetezani chitsulo.

Mukapeza mpata, wongolani lata mmene tafotokozera, mulisiye lotsikirako pang'ono kusiyana n'kutukuka. Palani ndi sandipepa ya nambala 80 mpaka chitsulo chiwale, dzimbiri lonse lichoke, osasiya ngakhale kadontho kofiira, ndipo mupitirire pang'ono kuzungulira malowo. Pukutani fumbi ndi mafuta onse. Sakanizani fila yochepa ndi mankhwala ake oumitsa pa kachidutswa ka lata kapena pulasitiki yoyera, osati pa katoni chifukwa katoni amamwa mankhwalawo. Muyezo wake ndi magawo awiri a mankhwala pa magawo 100 a fila. Mukachulukitsa imauma musanapake ndipo imadzathimbiriritsa penti. M'nyengo yotentha muli ndi mphindi zitatu kapena zinayi zokha. Pakani mopyapyala, mukukanikiza kuti mpweya utuluke. Ikauma, palani ndi sandipepa yokulungidwa pa kathabwa kosalala, osati ndi zala, chifukwa zala zimakumba timigula. Yambani ndi 80, kenako 180, mumalize ndi 320. Fila isakhudze madzi. Valani kansalu kukamwa ndi kumphuno, fumbi lake ndi loipa m'chifuwa. Pamwamba pake pakani penti yoyamba ija amati primer, tsiku lomwelo, musagoneke fila yosaphimba ku mame a kunyanja kuno.

Za mtundu wa penti musamangouza wogulitsa kuti "yoyera" kapena "yasiliva". Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya penti yake pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa mzati wa chitseko kapena m'kati mwa boneti. Pa Toyota yang'anani pamene alemba C/TR; manambala kapena zilembo zitatu zoyamba ndizo mtundu, monga 040 ya yoyera ina kapena 1F7 ya siliva. Lembani nambalayo mupite nayo kwa osakaniza penti. Popopera ndi penti ya m'chitini, sankhani m'mawa wopanda mphepo, wazani madzi pansi kuti fumbi lisauluke, mupopere mopyapyala katatu mukudikira pakati, kusiyana n'kuthira kamodzi mpaka kuyenderera. Ndikuuzeni zoona: penti yoyera wamba imabisika bwino, koma yasiliva ndi yonyezimira ija siidzafanana ndendende ndi ya ku fakitale mukapopera pakhomo. Chimene mwapindula n'chakuti dzimbiri mwalitsekera kunja.

Musaiwale kuseri. Chitsulo chanu chokankhira chimakanda utoto wa m'kati mwa lata, ndipo dzimbiri lambiri la m'zitseko limayambira m'kati n'kutulukira kunja. Musanatseke, pakani girisi wopyapyala kapena penti pamene munakankha. Pansi pa chitseko chilichonse pali timabowo totulutsa madzi. Matope a makande amatitseka. Titokoseni ndi kawaya nyengo ya mvula iliyonse.

Tsono pali madenti amene sindikufuna kuti muwagwire. Ngati chitseko kapena boneti sizikutsekeka bwino, ngati mipata ya pakati pa malata yasiyana mbali ndi mbali, ngati galimoto ikukokera mbali imodzi kapena tayala likudyeka mbali imodzi chigundidwire, vuto si la khungu, lafika ku mafupa. Mizati ya pakati pa zitseko ndi ya m'mbali mwa galasi la kutsogolo, chitsulo cha pansi pa zitseko, ndi chesesi, zimenezi zinapangidwa ndi chitsulo cholimba mwapadera kuti ziteteze anthu pa ngozi. Inu mumanyamula amayi ndi ana kupita ku chipatala chachikulu cha Zomba, mumanyamula ana asukulu. Zimenezo zipite kwa mmisiri wodziwa, amene ali ndi zida zokokera ndi zoyezera. Chimodzimodzi denti ya pafupi ndi pothirira petulo, ndi lata limene lang'ambika kapena ladyeka kale ndi dzimbiri mpaka kuboola, chifukwa limenelo limafuna kudula ndi kuwotcherera. Safunsa anadya phula. Masiku ano mukhoza kujambula dentiyo pa foni, mbali ziwiri kapena zitatu, n'kutumizira mmisiri pa WhatsApp kuti akuuzeni ngati ndi ya pakhomo kapena ya ku galaja, musanawononge mafuta.

Kwa inu anyamata amene mwakhala mukusuzumira m'mbuyomo: pakati pa Kachulu, Govala ndi Jali magalimoto ndi ambiri, koma wodziwa kuwongola popanda kuswa penti ndi wosowa. Matanki a njinga zamoto za kabaza nawonso ali ndi madenti, ngakhale amenewo amafuna guluu basi, osati moto kapena chitsulo m'kati, chifukwa mpweya wa petulo umaphulika ngakhale thanki ikuoneka youma. Amene mtima wanu wakopeka, funsani za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, kapena pemphani mmisiri wa ku Zomba kuti muzimugwirira zida miyezi ingapo. Dzanja limaphunzira poona dzanja linzake.

Koma nonse, akulu ndi anyamata, musayambire pa galimoto imene imakudyetsani. Sonkhani, mugule chitseko chimodzi chakutha kwa ogulitsa zitsulo zakale, muchimangirire pa mtengo pano pa doko. Chigundeni dala ndi mpini, muimike katoni ya mizere, aliyense aziphunzira kupeza nsonga ya chitsulo chake mu penti. Amene watha kuchotsa timadenti tingapo pa chitseko chimenecho popanda kutulutsa ziphuphu, ameneyo ndiye agwire galimoto yeniyeni.

Ndabwera ndi chitsulo chokankhira, kamtengo kogogodera ndi katoni yojambula kale. A mfumu, ngati mungatilole, tisunthire pamthunzi apo, ndipo mmodzi mwa eni magalimoto amene ali ndi kadenti kosasweka penti abweretse galimoto yake pafupi kuti aliyense aone kadontho kaja ndi maso ake.